Timaenje, zibowo ndi maliveti: werengani bodi ya Land Rover yakale musanaipake fila

Land Rover yakale ikafika m'manja mwa munthu wofuna kuidzutsa, chimene chimayamba kumuyabwa ndi bodi. Amaona timaenje tondondozana m'mbali, zibowo zopanda mabawuti, zitsulo zotuwa zosapakidwa penti, ndi zitseko zosiya mpata woti chala n'kulowa. Mtima umathamangira ku fila, phala lija lodzazira mopindika pa bodi, ndi sandipepa. Apa ndi pamene magalimoto abwino amawonongekera, chifukwa zambiri mwa zimene zikuoneka ngati zilema galimotoyo inachoka nazo kufakitale ku Solihull, ku England, ndipo zina zili ndi ntchito imene ikufunikabe mpaka lero. Malangizo awa ndi a Series II, IIA ndi III, zopangidwa kuyambira 1958 mpaka 1985, zija timazipeza zitafwa matayala m'maesiteti, m'mamishoni ndi kuseri kwa magalaja. Chilichonse chodabwitsa pa bodi muchifunse kaye kuti chinachokera kuti: kufakitale, kwa mwini wake woyamba, kapena kwa munthu amene anangopachika kuti galimoto ifike kunyumba. Mukatero m'pamene mugamule zochichita.

Itsukeni, koma musaimasule

Sipanala idikire. Tsukani galimoto yonse ndi madzi ambiri ndi sopo wamba, pansi pomwe, mpaka matope a zaka zonsezo atachoka m'makona. Musagwiritse soda waukali wophikira sopo kapena wotsegulira mapaipi, chifukwa amadya aluminiyamu msanga kwambiri. Burashi ya waya wachitsulo nayonso ikhale patali, popeza imasiya tizidutswa tachitsulo tomwe timadzayambitsa kudyeka pansi pa penti yatsopano.

Ikauma, jambulani ndi foni mbali iliyonse, pafupi ndi patali. Gulani kope lapadera. Pa chibowo chilichonse, kabulaketi kalikonse ndi chizindikiro chilichonse chimene simukuchimvetsa, matani kachidutswa ka tepi, lembanipo nambala, kenako lembani nambala yomweyo m'kope pamodzi ndi malo ake ndi kukula kwake. Madzulo tengani tochi, muigoneke pambali pa bodi kuti kuwala kudutse mokhula. Zimene masana zimabisala zimaonekera bwino: pamene panapakidwa fila kale, pamene panagundidwa, ndi mizere ya timaenje yomwe tikambe pansipa.

Dziwani kaye kuti galimotoyo ndi iti

Simungaweruze kanthu pa bodi musanadziwe chaka ndi mtundu wa galimoto. Nambala ya chasisi imapezeka pa kachitsulo komangidwa pa bulkhead, khoma lija la pakati pa injini ndi woyendetsa, ndipo inadindidwanso pa chasisi penipeni, kutsogolo kumanja, pafupi ndi pamene sipuling'i yakutsogolo imagwira. Palani pang'onopang'ono, musagwiritse grinder, mungafafanize manambala. Manambala awiriwa afanane ndi a m'blue book. Akasiyana, imani kaye, muwongole nkhaniyi ku Road Traffic musanawononge ndalama pa penti.

Manambala atatu oyambirira amanena zambiri. Pa Series IIA yaifupi, ya mainchesi 88 pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ya petulo, 241 ndi yogulitsidwa ku Britain konko, 242 ndi yotumizidwa kunja yokhala ndi chiwongolero kumanja, 243 ndi yotumizidwa m'mabokosi kuti akailumikize kudziko lina, ndipo 244 ndi ya chiwongolero kumanzere. Yaitali, ya mainchesi 109, imayambira pa 251, ndipo station wagon yake pa 261. Pa Series III yaifupi ya petulo yopangidwa chisanafike chaka cha 1980, manambala amayambira pa 901. Chilembo chimene chili kumapeto kwa nambala chimasonyeza gawo la kusintha kumene fakitale inafikapo, ndipo buku la masipeya limatsata zilembo zimenezi.

Nkhani ya mabokosiyi ndi yofunika kwa ife. Land Rover zambiri za chigawo chino cha Africa sizinachoke ku England zili zathunthu. Zina zinalumikizidwa ku South Africa, monga ku Blackheath pafupi ndi Cape Town, ndipo malo otere ankagwiritsa penti, magalasi, mipando ndi zina zopangidwa komweko. Choncho chinthu chingasiyane ndi chithunzi cha ku England koma n'kukhalabe cha kufakitale. Ngati yanu inapangidwa ku Solihull, British Motor Museum ya ku Gaydon, ku England komweko, imasunga mabuku a fakitale, ndipo imapereka, pamtengo, chikalata chonena tsiku limene galimoto inapangidwa, mtundu wa penti ndi kumene inatumizidwa.

Chisokonezo chimodzi chimabwera kawirikawiri. Anthu amadziwa kuti Series IIA ili ndi nyali pakati, pafupi ndi radiyeta, ndipo Series III ili ndi nyali m'madigadi. Akaona galimoto ya nyali m'madigadi koma dashibodi yachitsulo yokhala ndi mamita pakati, amati wina anasakaniza magalimoto awiri, n'kuyamba kusaka madigadi ena. Ayi. Nyali zinasamukira m'madigadi Series IIA ikadapangidwa, cha mu 1968 ku misika ina yakunja ndi 1969 kwa onse, pomwe Series III, ya girili yapulasitiki ndi mamita kutsogolo kwa woyendetsa, inabwera mu 1971. Galimoto yotero ndi IIA yakumapeto, ndipo ndi momwe iyenera kukhalira. Onaninso mahinjesi a zitseko: a II ndi IIA ndi otumphuka kunja, a III ndi aphwatalala. Timalata ta pansi pa zitseko tinali tatitali kutsika pansi pa magalimoto oyambirira, n'kudzafupika cha kumapeto kwa IIA.

Yendetsani maginito

Tengani maginito yaing'ono, ya m'sipika yakufa ikwanira, muikulunge m'kansalu. Madigadi, boneti, zikopa za zitseko, denga ndi bokosi lakumbuyo ndi za aluminiyamu wosakaniza ndi magnesium, wotchedwa Birmabright. Kampani ya Rover, yomwe inkapanga Land Rover, inasankha chimenechi kuyambira pa galimoto yoyamba ya 1948 chifukwa nkhondo itatha chitsulo chinkagawidwa mopimira ku Britain. Pamenepo maginito sigwira, ndipo si chizindikiro cha fila. Bulkhead, mafelemu a mkati mwa zitseko, chimango chogwira radiyeta ndi chasisi ndi zachitsulo, ndipo maginito iyenera kugwira mwamphamvu. Ikagwira mofooka pa bulkhead, makamaka pansi popondera mapazi, m'mizati yogwira mahinjesi, ndi m'makona a pamwamba pafupi ndi galasi, pamenepo pali fila wobisa dzimbiri. Ikagwira pa digadi kapena pa bokosi lakumbuyo, wina anaikapo chigamba cha lata.

Pa aluminiyamu maginito sikuthandizani kupeza fila. Gogodani ndi chala: pabwino pamalira, pa fila pamamveka kuti phu. Ndipo yang'anani kuseri, chifukwa mbali zambiri za galimoto iyi zimaoneka mkati mosavuta.

Amene mukukonza galimoto yachitsulo ya zaka zomwezo, monga Morris Minor kapena Jaguar, dziwani kuti mafakitale ena ankatseka mfundo za bodi ndi mtovu wosungunula. Maginito ikafooka pa mfundo, palani pang'ono ndi mpeni. Mukaona chitsulo chofewa chonyezimira, ndi mtovu wa kufakitale, ndipo musaupere ndi makina chifukwa fumbi lake ndi poizoni.

Timaenje tija

Apa ndi pamene ndikufuna mukhalitse. M'mbali mwa bokosi lakumbuyo ndi m'mphepete mwa madigadi mumaoneka timaenje tozungulira, tating'ono ngati diso la njere ya chimanga, tondondozana mumzere. Ameneŵa ndi ma spot weld. Kufakitale, pofuna kulumikiza chikopa cha kunja ndi nthiti kapena mpendero wa mkati, ankapana zidutswa ziwirizo pakati pa nsonga ziwiri zamkuwa n'kudutsitsa magetsi amphamvu. Pamalopo pamasungunuka n'kugwirana, ndipo nsonga imasiya kadzenje. Pa galimoto yapamwamba ankabisa zimenezi. Land Rover inali ya kumunda, ndiye ankangopaka penti pamwamba, n'kugulitsa timaenjeto tikuoneka.

Mungatsimikize bwanji kuti ndi spot weld, osati kugundidwa kapena kudyeka? Pali njira zitatu, ndipo muzigwiritse zonse pamodzi. Yoyamba, pisani dzanja kuseri. Kumbuyo kwa mzere wa ma spot weld kumakhala nthiti, mpendero wopindidwa kapena kona ya bokosi la tayala, ndipo mzerewo umatsata chinthu chimenecho ndendende. Yachiwiri, pitani mbali inayo ya galimoto. Mzere wofanana uyenera kupezekako. Mipata ya pakati pa timaenje singafanane ngati yoyezedwa ndi rula, chifukwa makinawo ankawagwira ndi munthu, koma njira ya mzere imakhala imodzi. Yachitatu ndiyo yofunika koposa: spot weld imalowa mkati, kudyeka kumatumphukira kunja. Mukaona timatuza pansi pa penti, mukatiboola n'kutuluka ufa woyera, kumeneko ndi kudyeka kwa aluminiyamu, ndipo pafupifupi nthawi zonse mupeza chitsulo kuseri kwake.

Kudyeka kumeneku kumachitika aluminiyamu ndi chitsulo zikakhudzana pali chinyezi. Ziwirizi zimapanga kabatire kakang'ono, ndipo wodyeka ndi aluminiyamu. Mukufune m'munsi mwa zitseko momwe chikopa chinapindiridwa pa felemu, pamene bokosi lakumbuyo limamangidwa ku chasisi, pansi pa bokosilo pamene pali zitsulo zochirikiza, ndi pozungulira mabawuti a malamba a mipando ngati anaikidwa. Pamenepo m'pofunika ntchito yeniyeni. Kupaka fila pamwamba pa ufa woyera n'kutaya ndalama, chifukwa matuza amabwerera.

Koma ma spot weld asiyeni. Ndikunena izi motsindika chifukwa mmisiri wa penti wozolowera magalimoto amakono amafuna mbali yosalala ngati mmene anaphunzirira, ndipo mukapanda kumuuza adzadzaza mzere wonse. Zotsatira zake n'zitatu. Mbali za aluminiyamu zimagwedera pamsewu wa mabampu, ndipo fila wopakidwa ponseponse amang'aluka. Kupala kuti pafanane kumapyapyalitsa chikopa chomwe ndi chopyapyala kale. Ndipo munthu wodziwa magalimoto ameneŵa akaona bokosi lopanda timaenje amadziwiratu kuti pansi pali fila, n'kuyamba kukayikira zimene zabisidwa. Yendani ndi mmisiriyo kuzungulira galimoto, mumuonetse mizereyo ndi chala, muilembe ndi choko. Mumuuzenso kuti mbali zathyathyathya za bokosi zimakhala ndi timafunde pang'ono kuchokera kale.

Pamene panagundidwadi, wongolani ndi nyundo yamtengo kapena yamphira, mutachirikiza kuseri. Birmabright imauma mukamaimenya, ndipo mukapitiriza imang'ambika. Ikayamba kukanika, ifewetseni: pakani sopo wamtanda mbali imodzi, tenthetsani mbali inayo ndi lawi lofatsa mukuliyendetsa, ndipo sopo akada lekani pomwepo. Aluminiyamu safiira asanasungunuke, amangogwa mwadzidzidzi, choncho musadikire kuona mtundu ukusintha.

Zibowo

Zibowo n'zimene zimasokoneza kwambiri, chifukwa galimoto ya zaka zoposa 40 yadutsa m'manja mwa anthu ambiri okhala ndi zoboolera. Tengani kope lanu, muyende nalo chibowo ndi chibowo.

Chibowo cha kufakitale kawirikawiri chinadindidwa ndi makina bodi isanapakidwe penti. Chimakhala chozungulira bwino, chopanda zinyenyeswa zakuthwa kuseri, ndipo penti yoyamba imaoneka m'milomo yake. Nthawi zambiri chili ndi chinzake mbali inayo, kapena nati yowotchereredwa kuseri, kapena kamphira kotsekera. Chibowo cha m'njira chimakhala ndi milomo yotukuka kuseri, penti yotekeka pozungulira, ndipo sichilunjika ndi zinzake. Kukula kwake kumathandizanso. Fakitale inkayeza m'mainchesi, ndiye mabawuti ndi maliveti ake ndi a 3/16, 1/4 kapena 5/16, omwe ndi pafupifupi mamilimita 4.8, 6.4 ndi 7.9. Bawuti ya mamilimita pa galimoto ya zaka za m'ma 1960 inabwera mochedwa. Pa Series III zakumapeto musafulumire kuweruza, popeza nthawi imeneyo fakitale inali itayamba kusakaniza miyezo iwiriyi.

Tsono zina mwa zibowo za kufakitale sizinakhalepo ndi kanthu chiyambire. Fakitale inkapanga ziwalo zoti zikwane pa galimoto ya chiwongolero kumanja ndi kumanzere komwe, ya petulo ndi ya dizilo, ya tenti ndi ya denga. N'chifukwa chake pa bulkhead, mbali ya wokwera, mungapeze timalata totsekera ndi zibowo zofanana ndi za mbali ya woyendetsa. Magalimoto ambiri obwera kumaiko otentha analibe chotenthetsera mkati, koma malo ake analipo, otsekedwa. Musawotcherere malo ameneŵa. Chotsani kalatako, tsukani, pakani penti, bwezeretsani ndi zomatira zatsopano.

Zina zili ndi ntchito imene inaiwalika. Chibowo chachikulu chozungulira pakati pa chitsulo chakumbuyo cha chasisi si dzimbiri, ndipo si poti wina anadula. Ndi podutsa shafiti ya PTO, yomwe inkatenga mphamvu ku giyabokosi kukayendetsa lamba wa macheka, mpope kapena makina opunthira mbewu. Kachitseko ka pansi pa mpando wapakati nkofikira pamwamba pa giyabokosi, pomwe zida zimenezi zinkalumikizidwa. Chibowo cha pakati pa bampa yakutsogolo ndi cholowetsa handulo yolizira injini batire likafa, ndipo tizitsulo topanira tomwe muli kuseri kwa mipando ndi tosungira handuloyo. Amene amakonza bampa yatsopano kwa owotcherera awauze asaiwale chibowo chimenechi, ndipo chilunjike ndi mutu wa injini. Tingowe ta m'mbali mwa bokosi lakumbuyo ndi tomangira zingwe za tenti, ndipo timapezeka ngakhale pa galimoto yomwe tsopano ili ndi denga lolimba. Mahinjesi a pansi pa galasi lakutsogolo alipo chifukwa galasilo limagona chakutsogolo denga likachotsedwa. Zibowo za pakati pa boneti ndi zomangira tayala la sipeya, ndipo pa galimoto yaifupi mungapezenso bulaketi ya sipeya kuseri kwa mipando.

Zibowo zing'onozing'ono za pansi pa mafelemu a zitseko ndi pansi pa chasisi ndi zotulutsira madzi. Izi ndiye zimatsekedwa kawirikawiri, mwina ndi matope, mwina ndi penti, mwina ndi munthu wakhama amene anaganiza kuti akuteteza galimoto. Zitsekuleni ndi kawaya. Kuno sitithira mchere m'misewu ngati ku Britain, choncho chasisi zathu zambiri zinapulumuka, koma dothi lonyowa lokhala m'kati mwa chasisi dzinja lonse limachita ntchito yomweyo pang'onopang'ono.

Zitsulo zotuwa ndi maliveti

Zitsulo zokuta milomo ya bokosi lakumbuyo, makona ake, felemu ya galasi lakutsogolo ndi bampa zinaviikidwa mu zinki, ngati malata a nyumba, ndipo zinkachoka kufakitale zosapakidwa penti. Kutuwa kwake ndi kwa zinki yokalamba, si kuwonongeka. Ngati zinki idakalipo, tsukani basi. Ngati wina anapaka penti, chotsani mofatsa ndi mankhwala ochotsera penti, osati ndi grinder. Ngati dzimbiri labowola, zichotseni zikaviikidwenso kapena mugule zina. Penti yasiliva imaoneka kuti ndi penti ngakhale muli patali, ndipo siteteza ngati zinki. Wowotcherera chitsulo cha zinki achite panja pamphepo, chifukwa utsi wake woyera umadwalitsa ngati malungo.

Mukachotsa zitsulo zimenezi mupeza mphatso: pansi pake pamakhala penti yoyamba yomwe dzuwa silinaione. Malo ena oipeza ndi kuseri kwa mphira za zitseko, mkati mwa bokosi la mipando ndi kuseri kwa kachitsulo ka nambala. Mitundu yodziwika inali Bronze Green, Marine Blue, Pastel Green, Mid Grey, Sand ndi Limestone, ndipo Limestone yotuwirako ija inkagwiritsidwa ntchito kwambiri pa madenga ndi malimu. Dulani kapena masulani kachidutswa kokhala ndi penti imeneyi mupite nako kwa osakaniza penti, osati chithunzi cha pafoni. Mukasintha mtundu kusiyana ndi wa m'blue book, kalembetseni.

Maliveti musanawaboole, ajambuleni. Fakitale inkagwiritsa mitundu iwiri: olimba a mutu wozungulira wopanda chibowo, pamalo pofikika mbali zonse, ndi a pop, okhala ndi kachibowo pakati, pamalo posafikika kuseri. Kupeza mitundu iwiriyi pa chitsulo chimodzi si umboni woti wina anakonzapo. Lembani kuti mtundu uti unali pati, mubwezeretse chimodzimodzi. Olimba amafuna anthu awiri, wina wochirikiza mutu ndi chitsulo chokumbidwa, wina womenya tsinde. Amatenga nthawi, koma amagwira bwino ndipo salowetsa madzi. Poboola akale, dindani pakati pa mutu kaye kuti chiboolero chisaterereke n'kukulitsa chibowo cha mu aluminiyamu.

Denga la zikopa ziwiri

Station wagon zambiri zobwera ku Africa zinali ndi denga lokhala ndi chikopa chachiwiri pamwamba, chokwezedwa pang'ono, chotseguka m'mbali. Anthu ena amaganiza kuti ndi chigamba chotseka kudontha, ena amadzaza mpatawo ndi siponji kapena kuumata. Mpatawo ndiyo ntchito yake. Chikopa chapamwamba chimalandira dzuwa, mphepo imadutsa pakati n'kuchotsa kutentha, ndipo timazenera ta m'denga lamkati timalowetsa mpweya popanda mvula kulowa. Aliyense amene wayendapo ku Chikwawa kapena ku Nsanje mwezi wa Okutobala adziwa phindu lake. Tulutsani zisa ndi masamba, sinthani mphira za timazenerato, musiye mpata uli wotseguka. Chimodzimodzi zitseko ziwiri zing'onozing'ono zolowetsa mphepo za pansi pa galasi lakutsogolo. Zikamadontha, vuto ndi mphira kapena dzimbiri la m'milomo, ndipo mankhwala ake si kuziwotcherera.

Pobwezeretsa

Paliponse pamene chitsulo chikhudza aluminiyamu ikanipo cholekanitsa: penti yabwino mbali zonse, phala lolekanitsira zitsulo monga Duralac ngati mungalipeze, kapena kamphira kopyapyala. Timphira ta pakati pa bokosi lakumbuyo ndi zochirikiza zake tibwerere. Mabawuti a stainless amakopa chifukwa sachita dzimbiri, koma pa aluminiyamu wopanda cholekanitsa amafulumizitsa kudyeka, ndipo sayenera pamalo onyamula katundu wolemera monga pokokera ngolo. A zinki wamba ndi abwino. Aluminiyamu wopalidwa amafuna etch primer, penti yoyamba yoluma pa aluminiyamuyo, asanalandire penti ina iliyonse, apo ayi pentiyo imasupuka. Popala penti yakale valani chotseka pamphuno chenicheni, popeza penti ndi primer za nthawi imeneyo zina zinali ndi mtovu kapena chromate.

Mawashala ndi timalata topyapyala tomwe munapeza pakati pa bulkhead ndi chasisi, kapena kuseri kwa mahinjesi, musatitaye poganiza kuti ndi zopachika. Ndi momwe bodi ya galimoto iyi imalunjikitsidwira. Timangeni pa kawaya malinga ndi malo ake. Pomanga, yambani ndi bokosi lakumbuyo, kenako bulkhead yomangidwa molekera, kenako pachikani zitseko. Kuyambira pa Series II, David Bache, wojambula maonekedwe a magalimoto ku Rover, anaika mpindiko uja wa m'chiuno mwa bodi, ndipo mpindikowo ndiwo mlozo wanu: uyende mzere umodzi kuchoka pa digadi, kudutsa pa chitseko, kukafika pa bokosi. Kokani ulusi kuti muone. Mzere ukagwirizana, mangitsani bulkhead, ndiyeno muike madigadi, galasi ndi denga. Mipata ya zitseko ikhala yaikulu kuposa ya galimoto yamakono. Chofunika n'chakuti ikhale yofanana kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo chitseko chitsekeke osachimenya. Musawotcherere chitsulo m'milomo kuti muchepetse mpata, chifukwa chasisi imapindika pang'ono pamsewu woipa ndipo zitseko zimafuna malo osewerera.

Zomwe sizili za kufakitale koma si zinyalala

M'kope lanu mutsala gulu lachitatu. Pangakhale zibowo zinayi pa digadi pomwe panali mlongoti wa wailesi, mabulaketi a fosholo ndi piki, thanki yachiwiri pansi pa mpando wakumanzere, njanji za machira m'bokosi, kapena zilembo za dipatimenti ya boma, mishoni kapena esiteti zooneka mozimiririka pansi pa penti ya chitseko. Zina mwa izi zinaikidwa ndi ogulitsa galimoto isanaperekedwe, zina ndi amisiri a bungwe lomwe linaigula. Palani zitseko mwapang'onopang'ono, penti ndi penti, ndi sandipepa wosalala ndi madzi, mukujambula chilichonse chimene chikutuluka. Kwa ine, galimoto imene inali ambulansi ya chipatala cha kumudzi imayenera kusunga zizindikiro za ntchitoyo, ngakhale buku la masipeya silikuzidziwa. Wina angasankhe kuibwezera mmene inachokera kufakitale, ndipo ndi ufulu wake, bola asankhe akudziwa chimene akuchotsa.

Zopachika zenizeni, monga lata lachitsulo lokhomedwa pa aluminiyamu, simenti kapena fila m'mizati ya bulkhead, ndi mabulaketi owotchereredwa pa chasisi mosasamala, zichoke. Pa chasisi onetsetsaninso ming'alu pafupi ndi pogwira masipuling'i ndi pa bokosi la chiwongolero, chifukwa misewu yathu imathyola kuposa mmene imadyera.

Pomaliza mutsala ndi zibowo zingapo zimene palibe wazimasulira. Funani galimoto ina ya chaka ndi chilembo chofanana, yosakonzedwapo, muiyeze pamalo omwewo. Funsani amakaniko achikulire amene anagwirapo magalimoto ameneŵa m'magalaja a boma ndi m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, mupite nazo zithunzi. Yerekezani ndi buku la masipeya la Land Rover, lomwe limajambula chiwalo chilichonse ndi bawuti yake, komanso buku la zida zowonjezera, momwe zibowo zambiri zachilendo zimapezera eni ake. Chikakanikabe, pakani primer m'milomo yake, tsekani ndi kamphira kokwana bwino, ndipo nambala yake ikhalebe m'kope lomwe lizisungidwa pamodzi ndi blue book.